Namluzu wa Kuseri kwa Benchi

Mvula inali itangokata pamene anthu ochokera ku mpira anadzaza pokwerera basi. Nkhope zonse zinali zakugwa. Timu inali itagonjanso, pakhomo penipeni!

Pakati pa gululo panali mtsikana wamfupi, wovala jezi yobiriwira yomulekeza m'mawondo. Masapota onse ankamudziwa ndi dzina loti Namluzu, chifukwa akalowetsa zala ziwiri m'kamwa, mluzu wake unkamveka mpaka tsidya lina la bwalo. Mkati mwa sabata anali telala wofatsa. Loweruka ankasanduka moto, ndipo malo ake anali amodzi okha: kuseri kwa benchi ya timu yake.

"Komiti imeneyi ikudikira chiyani?" anafunsa mokweza, uku akufinya mpango wake wonyowa. "Kochi tinamuchotsa kalekale, mpaka lero mpando ulibe munthu! Kodi watsopanoyo akudikira kuti abadwe kaye?"

Anthu anaseka ngakhale mitima inali yowawa.

"Mwina tinalakwitsa kumuchotsa mdala uja," anatero bambo wina kumbuyo.

Namluzu anatembenuka ngati waponda khala la moto.

"Tinalakwitsa? Mdala uja ndiye anatiphera timu! Wotchinga kumbuyo kumuika kutsogolo, womwetsa zigoli kumukhazika pa benchi ngati mlendo wodikira tiyi! Ayi bambo, ameneyo azikapuma."

Ali mkati molankhula, minibasi ina inatulukira ili paliwiro n'kulunjika pa chithaphwi. Dzanja linamugwira pamkono n'kumukokera kumbuyo. Matope onse anathera pa buluku la mwini dzanjalo.

Anali mnyamata wamtali, wa maso ofatsa, chikwama cha zida zokonzera magetsi chili paphewa.

"Pepani, ndakukokani osapempha," anatero. "Ndinaona kuti jeziyo mumaikonda."

Namluzu anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Zikomo," anatero pamapeto pake. "Inu ndinu a timu iti?"

"Yomweyi."

"Nanga jezi ili kuti?"

"Ndimavalira mkati."

"Chabwino. Ndiye inuyo mukuti kochi watsopano akhale ndani?"

Mnyamatayo anamwetulira. "Aliyense amene makutu ake angapirire mluzu wanu."

"Iii! Mukundidziwa?"

"Sakudziwani ndani?"

Anakwera minibasi imodzi, n'kukhala mpando umodzi. Njira yonse Namluzu ankangolankhula, mnyamatayo akumvetsera ngati akumva nyimbo. Potsika, mtsikanayo anaona kuti lamba wa chikwama chija watsala pang'ono kuduka.

"Mubwere nacho ndidzakusokereni, a Chete," anatero. "Makina anga ali pakhonde la ometa, kuseri kwa msika. Koma bulukulo mukachape nokha!"

Dzina la Chete linayambira pamenepo.

Malo ometerawo anali a achimwene ake a Namluzu. Munali mipando iwiri yozungulira, galasi long'aluka pakona, benchi yodikirira, ndi wailesi imene sinkazimitsidwa. Pakhoma panali chikwangwani cha nsalu cholembedwa kuti "ACHOKE!" Namluzu anachisoka yekha, n'kuchinyamula kuseri kwa benchi mpaka tsiku limene kochi uja anachotsedwadi.

Ambiri olowa mmenemo tsitsi linkakhala lalifupi kale. Ankabwerera mpira wapakamwa.

"Tikufuna kochi wochokera kunja basi!" ankatero achimwene, makina ometera akulira m'manja. "Wakunja sadziwa msuweni wa munthu. Waulesi aliyense, panja!"

"Wakunjayo azilankhula nawo bwanji anyamatawa?" ankayankha Namluzu ali pakhonde, osasiya kupalasa makina. "Womasulira asanamalize kunena kuti 'bwererani kumbuyo,' chigoli chalowa kale! Mpandowo mupatseni kaputeni wathu wakale uja. Taonani mmene waisulira timu ya achisodzera."

"Kaputeniyo ndi mwana! Angakalipire anzake amene ankasamba nawo limodzi?"

"Nonse mukungotaya malovu," ankalowerera bambo wina wopuma pa ntchito yaulonda, amene ankamutcha a Zamkati. "Ndamva za mkati. Kochi wapezeka kale, akungodikira kusaina."

"Dzulo munatinso wapezeka, a Zamkati."

"Wadzuloyo ndi wina."

Chete anabweradi ndi chikwama chake. Mawa lake anabweranso, akuti anaona soketi yogwedera. Kenako anati getsi la pakhonde likuphethira. Kenako anati waya wa wailesi sakumusangalatsa.

"Alamu," anatero achimwene tsiku lina akumuyang'ana pagalasi, "chitsegulireni malo ano, magetsi athu sanakondedwepo chonchi."

Onse anafa nalo phwete. Namluzu anaweramira pa makina, masaya akutentha. Alamu? Nanga n'chifukwa chiyani mawuwo anamukomera chonchi?

Posakhalitsa "inu" anasanduka "iwe," ndipo foni ya Namluzu inayamba kulira m'mawa uliwonse.

"Wadzuka bwanji, duwa langa? Thupi lili padenga la eni ake, koma mtima uli pakhonde la ometa."

"Gwira bwino mawayawo, Chete wanga. Ukagwa ndizikangana ndi ndani?"

"Umakangana wekha, wapamtima. Ine ndimangomvera."

"N'chimene ndimakukondera!"

Masana ankamubweretsera zakumwa zozizira n'kukhala pa kampando, akumugwirira nsalu kuti isakhudze pansi. Anaphunzira ngakhale kulowetsa ulusi pa singano. Akawona kuti wadzibaya, ankamugwira chala n'kuchiuzira ngati cha mwana.

Chinthu chimodzi chokha n'chimene chinkadabwitsa Namluzu. Mkangano wa kochi ukafika pachimake, Chete ankangoti duu.

Tsiku lina timu itagonjanso, achimwene anati, "Chemwali, tatisangalatsa. Tawonetsa mmene ankayendera mdala uja."

Namluzu anadzuka, n'kubwereka kapusi ya a Zamkati, n'kuikokera m'maso. Anaika manja kumbuyo n'kuyamba kuyenda uku ndi uku motsimphina, akupukusa mutu ngati munthu wotaya mbuzi. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti.

Atacheuka kuti aone ngati Chete akuseka, anapeza kampando kali kokha. Anamupeza kuseri kwa nyumba akuyang'ana mita ya magetsi.

"Bwanji, dalo? Ndakukhumudwitsa?"

"Ayi. Mutu ukungondiwawa pang'ono."

Madzulo a tsikulo Chete anamuperekeza. Dzuwa linali likulowa, ogulitsa mumsewu akulongedza katundu wawo. Namluzu anamukoleka mkono.

"Sunandiuzepo bwinobwino za kwanu," anatero.

"Mayi anatisiya chaka chatha. Ndimakhala ndi bambo. Ntchito inawathera, ndiye amangokhala pakhomo, kuweta nkhuku ndi kuthirira masamba."

"Pepa, wachikondi." Namluzu anamufinya mkono. "Ndikuuze chinthu chimodzi. Amene ndinali naye kale anandibisira kuti ali ndi mkazi. Ndinadzamva kwa anthu. Ine umphawi ndingapirire, matenda ndingapirire, koma bodza ayi."

Chete anaima. Anamugwira manja onse awiri.

"Ndikulonjeza, nthiti yanga. Sindidzakusiya, ndipo mkazi wina ndilibe. Ndiwe wekha." Anayang'ana pansi. "Komabe pali kankhani kena..."

Foni ya Namluzu inalira. Anali achimwene, akukuwa ngati nyumba ikupsa.

"Wamva? Kochi wakunja amene komiti imamufuna uja wakana! Akuti zokambirana zasokonekera!"

"Ndinanena ine!" Namluzu anadumpha pakati pa msewu. "Ndinanena! Kaputeni woyee!" Atamaliza kuvina anatembenukira kwa Chete. "Umati chiyani paja?"

Chete anayang'ana nkhope yowalayo. Akanayamba bwanji kuizimitsa?

"Ndimati ndimakukonda," anatero.

Patapita masabata angapo, m'mawa wina foni sinalire. Masana inabwera meseji yaifupi: "Malungo andigwetsa, duwa langa. Usadandaule, ndamwa mankhwala."

Asadandaule? Namluzu anatseka makina nthawi yomweyo. Kwawo kwa Chete anali asanafikeko, koma mnzake wa mnyamatayo wogwira naye ntchito anamulondolera pafoni. Anagula malalanje n'kuuyamba ulendo, mtima uli m'mwamba.

Inali nyumba yaing'ono yosesedwa bwino. Kumbali kunali mabedi a masamba, ndipo khola la nkhuku linali lotchingidwa ndi ukonde wakale wa pagolo. Namluzu anamwetulira poona ukondewo, n'kugogoda.

Anamva mapazi akubwera. Phazi lina linkaponda mwamphamvu, lina likukwakwaza.

Chitseko chinatseguka.

Kapusi yomweyo. Maso otopa omwewo. Munthu amene Namluzu ankamuimbira mluzu Loweruka lililonse, amene anamutchula mayina osatchulika pamaso pa khamu, anali ataima patsogolo pake atavala masilipasi.

Mdalayo anamuyang'anitsitsa, kenako anavula kapusi.

"Takulandirani, mayi," anatero mofatsa. "Lero mwabwera opanda chikwangwani?"

Jumbo inapulumuka m'manja mwa Namluzu, malalanje n'kumwazikana pakhonde.

"Bambo, ndani?" Chete anatulukira atafunda bulangete. Ataona Namluzu anaima pomwepo.

Bambo? Bambo!

Namluzu anatembenuka n'kuthamangira kugeti. Chete anamutsatira wopanda nsapato, akudzandira.

"Wapamtima, taima! Ndifotokoze!"

"Ndi bambo ako?"

"Inde."

"Ndipo unangondisiya! Ndikuwanyoza tsiku ndi tsiku iwe uli pomwepo! Ndikutsanzira mayendedwe awo, anthu akuseka! Unkandiona ngati chitsiru, eti?"

"Ayi! Ndinkafuna kukuuza. Ndinkaopa kuti ukadziwa undithawa."

"Ndinakuuza kuti bodza ayi! Ndinakuuza ndi pakamwa pangapa!"

"Sindinaname, ndinango..."

"Unangokhala chete! Ukuganiza kuti zikusiyana?" Misozi inayamba kutsika. "Lowa m'nyumba, ukudwala. Ndipo usandifunefunenso."

Mu minibasi analira osasamala kuti ndani akumuona. Chimene chinkamuwawa kwambiri sankachidziwa. Kodi linali bodza la Chete, kapena ulemu wa mdala uja povula kapusi?

Mameseji anayamba kubwera.

"Ndalakwa, duwa langa. Chonde yankha."

"Malungo atha, koma ndikudwalabe."

"Ndadutsa kuseri kwa msika. Ndamva makina ako akulira. Ndalephera kufika."

Ankawawerenga, n'kuwawerenganso, n'kuika foni pansi pa nsalu. Sanayankhe ngakhale imodzi. Kampando kaja anakalowetsa mkati kuti asamakaone. Malaya a kasitomala wina anawasoka mkono mozondoka, chinthu chimene chinali chisanamuchitikirepo.

Tsiku lina a Zamkati analowa akupuma mwawefuwefu.

"Ndamva za mkati, ndipo lero ndi zenizeni! Komiti yasowa pogwira. Akufuna kumubwezeretsa mdala uja!"

M'nyumbamo munabuka phokoso. Ena anati bola yemweyo, ankatidziwa. Ena anati akabwerera ife ku bwalo sitidzapondako.

"Ndipo sindinamalize," anapitiriza a Zamkati, akuyang'ana pakhonde mochenjera. "Wamagetsi wathu uja mukumudziwa kuti ndi mwana wa ndani? Tili ndi mpongozi wa kochi pompano! Ndiye mwina mluzu uja tsopano uzilira mokomera apongozi."

Ena anayamba kuseka. Achimwene anazimitsa makina.

"Amene akufuna kunyoza mlongo wanga," anatero pang'onopang'ono, "atuluke pompano, ngakhale mutu uli wometa theka."

Kuseka kunatha.

Namluzu analowa. Maso anali ofiira, koma mawu sanagwedere.

"Maganizo anga sanasinthe. Asabwerere. Timu ikufunika magazi atsopano, ndipo ine ndikadali pambuyo pa kaputeni." Anakwera pa benchi n'kumasula chikwangwani chija pakhoma. "Koma za mwendo wawo zija sunali mpira. Kunali kupanda khalidwe. Musadzandipemphenso."

Anachipinda n'kuchiponya m'thumba la zidutswa za nsalu.

Achimwene anamutsatira pakhonde. "Chemwali, mnyamata uja ukumukondabe?"

"Ndisiyeni, achimwene."

"Ndiye kuti eya."

Mawa lake chakumasana, mkangano uli mkati ngati mwa masiku onse, munthu wina anakwera masitepe a pakhonde motsimphina. Anapereka moni kwa Namluzu ndi mutu, n'kulowa, n'kukhala pa mpando wozungulira.

M'nyumba monse munangoti zii. Ngakhale wailesi inamveka ngati yachita manyazi.

"Mundimete, achimwene," anatero kochi wakaleyo akuvula kapusi. "Ndamva kuti komiti yeniyeni ya timu imakumana muno."

Achimwene anamuveka nsalu.

"Pitirizani, musandiope. Inu mukufuna ndani?"

"Wa... wakunja, bwana."

"Wakunja ndi wabwino, mukakhala ndi bwalo lokonzekerera losadzadza madzi. Nanga inu akuluakulu?"

A Zamkati anakanda m'mutu. "Ine ndimangomva za mkati."

"Ndiye imvani izi, zichokere mkati mwenimweni. Komiti inandiimbiradi. Ndakana. Nthawi yanga inatha, ndipo nkhuku zanga sizindiimbira mluzu." Anthu anaseka mwamantha. "Anandifunsa maganizo, ndawauza kuti ayese kaputeni wakale uja. Ndinamuphunzitsa ndine. Ali ndi mutu. Koma mukamupatsa, mumupatsenso nthawi. Akagonja kawiri musayambe kusoka nsalu."

Atamaliza kumetedwa anatuluka pakhonde. Namluzu anaimirira, mutu uli pansi, zala zikupotokola tepi yoyezera.

"Bambo, ndikhululukireni. Ndinakulankhulirani zachipongwe."

"Khalani pansi, mwana wanga. Ndibwerekeni mpando, mwendowu sumakonda kuima."

Namluzu anathamangira mkati n'kutulutsa kampando kaja.

"Zina munkanena zoona," anayamba mdalayo. "Wotchinga kumbuyo uja ndinamuika kutsogolo ndine, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene ndinkaganiza. Chaka chimene chija mayi a kunyumba anali m'chipatala. Pa benchi ndinkangoima thupi lokha. Ndinayenera kutula pansi udindo ndekha, koma ndinkaopa kukhala opanda chochita."

Namluzu anagwira pakamwa.

"Ayi, musandimvere chisoni. Timu si chipatala, inkafunika kupambana. Koma womwetsa zigoli wanu uja, amene munkati ndamusandutsa mlendo wodikira tiyi, bondo linali litamuvuta. Anandipempha kuti ndisaulule, poopa kuti matimu akuluakulu asiya kumufuna. Ndinasankha kuti muzinyoza ine."

"Sindinkadziwa, bambo."

"Simukanadziwa. Kuseri kwa benchi kumaoneka msana wa kochi basi." Anaseka pang'ono, kenako nkhope inasintha. "Tsopano za mwana wanga. Analakwa, ndipo ndamukalipira. Ndinamuuza kalekale kuti akuuzeni. Sindinabwere kudzamupepesera, pakamwa ali napo."

Anayang'ana kumsewu kwa kanthawi.

"Chimwalirireni mayi ake, mnyamata uja anasiya kuimba akamasamba. Tsiku lina ndinangomva wayambiranso. Nditamufunsa, anati wakumana ndi mtsikana pokwerera basi. Atandiuza kuti ndi ndani, ndinaseka mpaka kutsamwa! Ndinati, mwa atsikana onse a mumzinda muno?" Anapukusa mutu. "Pano wasiyanso kuimba. Chakudya akungochiyang'ana."

Misozi inadontha pa nsalu imene inali pa makina.

"Ine ndangobwera kudzakuuzani kuti kwa ine mlandu mulibe. Zotsalazo ndi za awirinu." Anadzuka movutikira n'kuvala kapusi. "Mnyamatayo akuika magetsi m'nyumba yatsopano ija, moyang'anana ndi positi ofesi. Ndangotchula chabe. Ndipo malalanje aja anali okoma, ndinadya ndine."

Namluzu anaseka uku akulira.

Anakhala pa makina osasoka kanthu. Apite? Nanga akadzamubisiranso china? Koma kodi munthu amene anakhala pa kampando miyezi yonse ija, akumva bambo ake akunyozedwa, n'kumabwerabe mawa lake ndi zakumwa zozizira, ankafuna chiyani kwa iye ngati si chikondi?

Achimwene anasuzumira pazenera. "Pita, iwe. Makinawo ndikuyang'anira. Ukutiwonongera malaya a anthu."

M'nyumba yatsopanoyo munkanunkha penti ndi simenti. Mawaya anali lendelende kudenga. Pakati pa chipinda chachikulu panali makwerero aatali, ndipo pamwamba pake panali Chete, atawonda, akumanga getsi. Makwererowo ankagwedera.

Namluzu anafika mwakachetechete n'kuwagwira ndi manja onse awiri.

"Zikomo, aise," anatero Chete osayang'ana pansi. "Tandipatsira pulayala."

"Pulayala ndi iti?"

Sikuludiraiva inagwa pansi kuti ngwee! Chete anayang'ana pansi, maso ali tong'o.

"Duwa langa?"

"Usanditchule duwa. Tsika bwinobwino, ungagwe."

Anatsika ngati munthu wolota. Atafika pansi anafuna kumugwira dzanja, koma anabweza.

"Ndinalakwa," anatero. "Tsiku lija ndinati sindinaname. Ndinanama. Unandiuza chimene umadana nacho, ine n'kuchita chomwecho chifukwa cha mantha. Ndinalakwira iwe, ndinalakwiranso bambo. Ukandikana ndimvetsa, koma ndimafuna umve kuti ndikudziwa kulakwa kwanga."

Namluzu anamuyang'ana m'maso.

"Chilipo china chimene ukundibisira? Nena zonse lero."

Chete anapuma mozama. "Ndimaopa agalu."

"China?"

"Soketi ya kwa achimwene ija sinkagwedera. Ndinaigwedeza ndine."

Namluzu analuma mlomo kuti asaseke. "China?"

"Ndipo ine... ndimagwirizana ndi achimwene. Ndikuona ngati wakunja angatithandize."

"Chiyani?" Namluzu anamumenya pachifuwa. "Miyezi yonseyi uli mbali ya adani? Bambo ako omwe akuti kaputeni!"

"Wati ndinene zonse!"

Anamumenyanso, koma ulendo uno dzanja linakhala pomwepo. Kenako mutu unatsatira. Analira pachifuwa pake, malaya a fumbiwo n'kunyowa.

"Ndinakusowa, Chete wanga. Ndinakusowa koopsa!"

"Inenso, moyo wanga. Ndikulonjeza, kuyambira lero chowawa kapena chokoma, uzichimva kwa ine poyamba."

"Ndipo uzilankhula. Ukakwiya, nena. Ndikalakwa, nena."

"Ndizinena."

Chete anamusiya pang'ono, n'kutola kachidutswa ka waya pansi. Anakasenda ndi pulayala mpaka kopa wofiirira anaonekera, n'kukapinda mozungulira pa sikuludiraiva. Kenako anagwada pa simenti ya fumbiyo.

Opaka penti anasiya ntchito. Womanga wina anasuzumira pakhomo n'kukodola anzake.

"Yeniyeni ndidzakugulira," anatero Chete. "Koma sindikufuna kudikiranso, ndingayambenso kuchita mantha. Udzakhala mkazi wanga?"

Namluzu, amene mawu ake ankagwedeza bwalo lonse, anayankha motsitsa kwambiri moti opaka penti anachita kufunsana.

"Wati chiyani?"

"Ndati eya!" anakuwa. "Eya!"

M'nyumba monse munadzaza m'manja ndi phokoso la zitini za penti. Kamphete ka wayako kanalowa bwinobwino pa chala chodzaza zipsera za singano. Namluzu anakayang'ana, n'kukayang'ananso, misozi ikutsikira pa kumwetulira.

"Tiye ukawauze wekha achimwene," anatero Namluzu akumupukuta fumbi m'mawondo. "Koma udikire amalize kaye kumeta, angadule munthu khutu."

Anatuluka atagwirana manja. Panjira anadutsa gulu la anyamata litaunjikana pa wailesi, likukangana za kaputeni ndi wakunja. Timu inali isanapezebe kochi.

Namluzu sanaime n'komwe kuti afunse.